Mizere pa Sitampa ya a Gideoni

Tayala ndinaliona ndisanaone anthu. Linali la lole, lakutha, ndipo wina analitsamiritsa pa mtengo wa mango umene uli kutsogolo kwa polisi ya pamsika wathu. Pambali pake panali chigubu chachikasu. Palibe amene ankachiyang'ana chigubucho, koma aliyense ankadziwa kuti muli petulo, ndiponso kuti akudikira mlongo wanga Patrick.

Ine ndine Vainess, ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Namitete, koma Lolemba limenelo choko sindinachigwire. Ndinadutsa pakati pa anthuwo nditazyolika. Mayi wina amene ndimaimba naye kwaya analavula malovu pafupi ndi nsapato yanga.

"A Gideoni akangotsirizika kuchipatalako, timuotcha," anatero bambo wina, osakweza n'komwe mawu. "Apolisi ochepawa angatiletse chiyani?"

Nkhani yake inali iyi. Loweruka kunali maliro m'mudzi mwa Kamzati, ndipo mudzi wonse unapita kumanda. A Gideoni Chadza, mphunzitsi wopuma ntchito amenenso ndi mkulu wa mpingo wathu, anatsala okha pakhomo chifukwa cha bondo lawo. Anthu pochokera kumanda anakumana ndi Patrick akuthamanga kuchokera kunyumba kwa mkuluyo, malaya ali magazi okhaokha. M'nyumbamo a Gideoni anali kwala pansi, mutu utang'ambika, ndipo chitini chawo cha masitampa chinali chitasowa. Patrick ndi wakabaza, amamwa, pakamwa pake sipapuma. Munthu wotere anthu safuna umboni wambiri kuti amutche wakuba.

Masitampawo ndinkawadziwa bwino. A Gideoni anayamba kuwasunga ali mnyamata, kumatula pa maenvulopu ochokera kwa achimwene awo ku migodi ya ku Joni, ena kupempha kwa amishoni. Ine ndinapeza pa intaneti kaundula wa masitampa a dziko lonse, amene salembedwa ndi kampani kapena boma, koma ndi anthu wamba osunga masitampa. Aliyense wolembetsa dzina amatha kuikapo chithunzi, kukonza chaka chimene mnzake walakwitsa, kapena kuchotsa chithunzi chosaoneka bwino n'kuikapo chake. Chochotsedwacho sichitayika, chimakakhala kuseri kumene kumasungidwa zonse zimene zasinthidwa. Gawo la masitampa akale a Nyasaland linali ndi mipata yambiri, ndiye ndinkapita kwa a Gideoni kukajambula awo. Mkuluyo ankaseka mpaka kutsokomola akamva kuti mzungu wa ku Scotland akuwathokoza.

Mlanduwo unali m'manja mwa a Sajeni Gertrude Kalilani, mayi wamfupi, wosadziwa kumwetulira. Anandilola kuyankhula ndi Patrick pa kazenera ka chitseko cha selo.

"Achemwali, ine ndinangopita kukasiya mankhwala a bondo amene anandituma," anatero Patrick, milomo ili gwa. "Chitseko chinali chotsegula. Ndinawanyamula mutu, ndiye magaziwo. Ndimathamangira kukaitana anthu, anthu omwewo n'kundigwira. Kodi wakuba amathawira kumene kukuchokera anthu?"

"Munaonako munthu wina?" anafunsa a Sajeni.

"Ayi bwana, nkhuku zokha. Achemwali, ndikuwamvatu akuyankhula panjapo. Musandisiye."

Mwana amene ndinamubereka kumbuyo amayi athu atamwalira, bambo wamkulu wandevu, akulira ngati wa sitandade wani. Ndinatembenuka msanga kuti asaone kuti nanenso ndikulira, n'kutulutsa foni yanga.

"Bwana, pali chimene ndabwera kudzakuonetsani."

M'mawa umenewo ndinali nditalandira uthenga kuchokera kwa a Judith, mayi wokalamba wa ku Scotland uja, amene amayang'anira gawo la Nyasaland pa kaundula wathu. Sitinaonanepo, koma ndi munthu woti kadontho kakasowa pa chaka amakulembera. Ndinawamasulira a Sajeni: "Vainess, dzulo masana munthu wina watsopano wachotsa chithunzi chako cha sitampa yobiriwira ija, waikapo chake, ndipo akufunsa kumene angaigulitse. Ndayerekeza ndi chako chakale. Chidindo cha positi n'chomwecho, kadzino kothyoka ka pakona n'komweko. Ndi sitampa ya a Gideoni. Ndani waiononga chonchi?"

"Dzulo masana Patrick anali muno, foni yake ili m'dirowa yanu," ndinatero. "Mutulutseni."

"Ndimutulutsire kuti? Ku tayala ilo?" A Sajeni analoza pazenera ndi mlomo. "Adzati anapatsira mnzake. Anthu awo sakhuta chithunzi, aphunzitsi, akufuna munthu. Tandipatsani foniyo."

Anaika zithunzi ziwirizo pafupi. Pa changa, sitampa inali yobiriwira bwino, yopindika m'mbali ngati khungu la mtedza, poti a Gideoni sankalola kuti munthu aiwongole. Pa chatsopanocho inali pa pepala loyera, palibe chala, palibe tebulo, palibe chilichonse choti n'kugwirapo. Koma inali yowongoka kuti see, yofiirira, ndipo inali ndi timizere.

"Anaisita ndi ayironi," ndinatero.

A Sajeni anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri.

"Munakulira kuti inu?"

"Konkuno."

"M'chigafa munalowamo?"

"Ndinayamba kusoka fodya ndisanayambe sukulu."

"Ndiye yang'anitsitsani."

Ndinayang'anitsitsa. Mzere umodzi waukulu unadutsa pakati, ina yaing'ono ikuchokera pamenepo kupita m'mbali. Inali mitsempha ya tsamba la fodya. Fodya akauma amapiringizika, ukamugwira amathetheka, ndiye mlimi amamuwaza madzi kuti afewe, n'kumusanja, n'kumudinda pa jeke kuti akhale belo. Wakubayo ataona kapepala kouma, kopindika, anachita zimene manja ake anazolowera. Anakanyowetsa, anakaika pakati pa masamba, n'kutsitsa jeke.

"Mlongo wanu amalima fodya?"

"Ngakhale phesi limodzi. Amati fungo lake limamudwalitsa mutu."

A Sajeni anatenga makiyi a njinga yamoto.

* * *

Mayi Natalia, akazi awo a Gideoni, tinawapeza akulonga zovala m'chikwama kuti abwerere kuchipatala. Anapereka moni kwa a Sajeni, ine anangondidumpha ngati chitsa.

"Ndinkawauza ine kuti timapepala timeneti tidzawaphetsa," anatero. "Zaka zonsezi tinali m'chitini, palibe amene ankatifuna. Kubwera aphunzitsiwa ndi foni yawo, basi dziko lonse ladziwa zimene zili kunsi kwa bedi lathu. Ambuye akuona."

Ndikanayankha chiyani kwa munthu amene mwamuna wake sakutsegula maso?

"Mayi, mutafika Loweruka lija, kupatula chitini, n'chiyani chimene sichinali pamalo pake?" anafunsa a Sajeni.

"Palibe. Mpando wokha ndi umene ndinaupeza pakhonde, n'kuulowetsa."

"Mpando uti?"

"Wa ndalema uwo. Ndi kapu ya alendo, thobwa lili theka."

"Ndiye kuti mlendoyo anamulandira bwino."

"Bambo salandira munthu moipa. Koma mpando uwo satulutsira aliyense ayi. Ndi wa anthu apabanja. Anyamata osakwatira amakhala pansi pakhondepo, ngakhale atakhala ndi ndevu zofika pachifuwa."

"Patrick akabwera amakhala pati?"

"Pansi, nanga akhale pati? Thobwa amamwera m'chikho cha..."

Mayi Natalia sanamalize. Anatsala atagwira malaya a amuna awo m'manja, n'kundiyang'ana koyamba tsiku limenelo.

"Ndani ali ndi jeke yodindira fodya m'mudzi muno?" anafunsa a Sajeni.

"A Zakeyo okha. Ena onse amabwereka kwa iwo."

Tisanafike n'komwe kwa a Zakeyo, foni ya a Sajeni inalira. Anaimitsa njinga, anamvetsera, nkhope n'kuuma.

"Ayamba kugenda malata kupolisi kuja. Ndiyenera kubwerera." Ananditsitsa pa mphambano. "Pitani mukangoona ngati jeke ilipo. Za mlandu musatchule. Mukaona chilichonse, jambulani munditumizire, musachite zanzeru zanu."

* * *

A Zakeyo anali pakhonde akuswa mtedza. Ndi munthu woti ngakhale pamaliro amapeza choseketsa anthu.

"Aphunzitsi, mwabwera kudzandilembetsa sukulu ya kwacha? Mwachedwa, mutu unauma kale uwu."

Ndinayesa kuseka, sizinatheke. Ndinayang'ana m'chigafa mwawo, munali fodya wopachika yekha.

"Ndimati ndifunse za jeke, ngati ilipo."

"Mukundiyesa eti? Jeke ili kwa amuna anu kuyambira Lachisanu. Kapena kunyumbako munasiya kuyankhulana?"

Pansi panachita ngati pasuntha. Amuna anga, a Dalitso, bambo a mwana wanga Tabita, amalima fodya kwawo m'mudzi momwemo, kutsidya kwa dambo, ife tikukhala m'nyumba ya pasukulu. Anandiuza kuti jeke aipeza sabata yamawa.

"Ndinaiwala," ndinatero. "Paja Loweruka munali nawo limodzi kumanda?"

"Nanga adzukulu si ife? Tinalawirira kukakumba, ndipo mukudziwa kuti mdzukulu sabwerera kumudzi maliro asanaikidwe. Koma amuna anuwo ndi ochenjera. Mpini wa khasu utathyoka, anati akatenge wina, anatenganso chidutswa chothyokacho ati akayezere. Kupita kumeneko. Anabwera bokosi litatsika kale, chimanjamanja, thukuta lili kamukamu. Tinawaseka kuti anapita kukadzala mtengo wa mpiniwo." A Zakeyo anasiya kuswa mtedza. "Bwanji aphunzitsi, mwadwala? Khalani pansi."

Sindinakhale. Ndinatsazika, kapena sindinatsazike, sindikumbuka.

M'njira zinthu zinkabwera zokha m'mutu. Ndine ndinawauza amuna anga tikudya kuti a Judith akuti sitampa yobiriwira ija osunga masitampa angailimbirane. Patapita masiku anandipempha kuti ndiwaonetse mmene ndimaikira zithunzi pa kaundula, ine n'kukondwa kuti mwamuna wanga wayamba chidwi ndi zimene ndimakonda. Loweruka madzulo anandigwira paphewa n'kunena kuti alamu sangachite zimenezi. Lamulungu m'mawa ndi iwo amene anakamusiyira Patrick chakudya kupolisi, pochokera kumeneko n'kupita kuchigafa.

Ndikanaimbira a Sajeni pomwepo. Sindinaimbe, chifukwa ndinkafuna kuti ndikapeze kuti ndalakwitsa. Ndinkapemphera kuti ndikafike, ndikaone fodya yekha, ndidzichitire manyazi, ndibwerere.

* * *

Chigafa cha amuna anga chinali zii. Dzuwa linali paliwombo, koma mkatimo munali kamdima ndi fungo lija lokanda kummero. Jeke inali pakati. Mabelo osoka kale anali atasanjidwa kukhoma, koma limodzi linali padera, chiguduli chake chosasoka, atangolivindikira ndi jekete ya amuna anga.

Ndinachotsa jeketeyo. Ndinayamba kutukula fodya, masamba akuthetheka m'manja. Pamwamba panalibe kanthu. Ndinatsika pang'ono, panalibe kanthu, ndipo mtima unayamba kubwerera m'malo. Kenaka ndinatukula mtolo wina, n'kuona nkhope ya mfumu ya azungu ikundiyang'ana.

Anali atawayala bwinobwino, m'mizere, monga amasanjira fodya wa giredi imodzi. A ku Joni paokha, a Nyasaland paokha, onse onyowa, ofiirira, omatirira pa masamba. Ntchito ya moyo wonse wa a Gideoni inali itaola m'masiku awiri. Kuseri kwa belolo kunali chitini, ndi chidutswa cha mpini chimene mbali imodzi chinali chakuda.

Ndinajambula. Ndinatsegula dzina la a Sajeni, ndinasankha chithunzicho, ndinalemba pansi pake kuti chigafa cha amuna anga, chala chili m'mwamba.

"Mayi a Tabita."

Amuna anga anali ataima pakhomo la chigafa, kuwala kuli kumbuyo kwawo moti nkhope sinkaoneka. M'dzanja anali ndi chisingano chosokera mabelo, chachitali ngati mkono wa mwana. Khomo la chigafa chimenecho ndi limodzi.

"Lero sukulu kulibe?" anafunsa mofatsa, ngati tili kunyumba.

Ndinabisa foni kumbuyo.

Analowa, anayang'ana belo lotsegulalo, anapuma mozama.

"Sindinapite kukawamenya. Ndinawapempha bwinobwino kuti andigaireko imodzi yokha, poti iwo amangoiyang'ana. Anakana, ine n'kutenga chitini, iwo n'kundigwira mwendo, ati akanena kumpingo. Zinangochitika." Anatembenuza chisinganocho m'dzanja. "Ndiye ndinkaziwongola kuti zioneke bwino. Ndimadziwa bwanji kuti zisintha mtundu?"

"Patrick ali m'selo," ndinatero.

"Alamu atuluka. Umboni palibe, asunga masiku angapo basi."

"Panja pali tayala."

"Amangoopseza awo. Ndipatseni foni."

Anasendera. Ine ndinabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda chitsulo cha jeke. Ndakhala nawo m'nyumba imodzi munthu ameneyu kuyambira Tabita asanabadwe, sanandiopsezepo ngakhale ndi chala, koma tsiku limenelo ndinkayang'ana chisingano chokha. Ndinaganiza kuti ndikafuula palibe angamve, dambo lonse lija. Ndinaganiza kuti akandibaya, anthu adzati Vainess anathawa manyazi a mlongo wake.

Foni inanjenjemera m'manja mwanga. Ndinaibweretsa kutsogolo, tonse awiri n'kuwerenga. Unali uthenga wa a Sajeni: a Gideoni atisiya. Anthu sanamve, koma samachedwa. Mwapeza chiyani?

Amuna anga anatseka maso.

"Ganizirani Tabita," anatero monong'ona. "Mukatumiza icho, mwana wanu alibe bambo. Mudzamuuza chiyani? Kuti ndinu?"

Ndinamuganizira Tabita, Mulungu ndi mboni, ndinamuganizira. Ndinaganiziranso kazenera kaja, ndi milomo youma ija ikuti musandisiye. Ndinadina kuti chithunzicho chipite.

Kudambo kuja netiweki ndi ya mwayi. Kachizindikiro kanayamba kuzungulira, kuzungulira, osatha. Iwo anandilumphira, anandipotokola dzanja mpaka ndinagwada, foni n'kugwera pa fodya. Anaitola, akulimbana nayo ndi zala zakuda ndi phula la fodya, kufuna pofufutira. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo ndinadziwa kuti chapita.

Anaimirira pamwamba panga, chisingano chili m'dzanja. Ndinatseka maso, n'kuyamba Atate wathu wakumwamba. Nditafika pa chakudya chathu chalero ndinamva chitsulo chikugwera pansi. Nditatsegula maso anali atakhala pa belo, mutu uli m'manja.

"Mwandipereka," anatero.

"Inu munakamusiyira mlamu wanu chakudya, mukudziwa."

Sanathawe. Tinakhala momwemo, wina uku wina uko, mpaka tinamva njinga yamoto ikubwera m'dambo.

* * *

A Sajeni anawalowetsa amuna anga kupolisi kudzera pakhomo la kuseri, ataitanitsa kale galimoto ya apolisi kuchokera ku Lilongwe. Galimotoyo inali isanafike, koma uthenga wa imfa unali utafika. Anthu anali atawirikiza, miyala ikugwa pamalata, ndipo wina anali atatsegula chigubu chija.

A Sajeni anatuluka okha, chitini m'dzanja ili, chidutswa cha mpini m'dzanja ilo. Mayi Natalia anali atabwera limodzi ndi a Zakeyo, maso ali psuu, ndipo mayiwo ndi amene anayankhula. Anati Patrick amunamizira, amene anapha amuna awo anakhala pa mpando wa alendo n'kumwa thobwa lawo. A Zakeyo anayang'ana mpiniwo, n'kungogwedeza mutu. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo analibe choseketsa.

Patrick anatuluka akuyenda ngati munthu wodwala malungo. Palibe anamugwira. Anthu anapatuka, mayi wa kwaya uja n'kuyang'ana kumbali. Anafika pamene ndinaima, n'kundikumbatira.

"Achemwali, mwandipulumutsa. Ndani? Ndani anachita?"

Dzina linali litayamba kale kuyenda m'gulumo, kuchoka pakamwa apa kupita pakamwa apo. Ndinkaganiza kuti Patrick akatuluka anthu abalalika. Palibe anachoka. Bambo uja amene anayankhula m'mawa anapita pa mtengo wa mango, anadzutsa tayala, n'kuyamba kuligubuduza pang'onopang'ono kulunjika ku chitseko cha polisi. Ndinayang'ana kumsewu wa ku Lilongwe, kunalibe ngakhale fumbi.

Wina anandikoka chitenje. Anali Tabita, ali mu yunifolomu, chikwama kumsana, ataweruka kusukulu n'kupeza kunyumba kokhoma.

"Amayi, amalume atuluka eti?" anatero akumwetulira. Kenaka anayang'ana kumene anthu onse ankayang'ana. "Nanga tayalalo akupita nalo kwa ndani?"